Ndionetseni sikelo imene munayezera mayunitsi anga

Pa msika wathu wa Chiringa pali mlandu umodzi umene anthu sakhululuka msanga, mlandu wobera pa sikelo. Kweza mtengo, anthu ang'ung'udza koma agula. Kaniza ngongole, akunena kuti ndiwe woumira koma mawa abweranso. Koma zingodziwika kuti sikelo yako imadya magalamu, kapena kuti poyeza umaitembenuza kuti mwini nandolo asaone pamene muvi waima, basi dzina lako lapita. Boma nalonso limadziwa zimenezi, n'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo, osavomerezeka n'kulanda. Ine ndagulitsa pa msika uno zaka 12, ndipo lamulo limene ndinaphunzira tsiku loyamba ndi lakuti mtengo umanenedwa katundu asanakwere pa sikelo, ndipo poyeza nonse awiri mumayang'ana.

Sabata ino, anzanga a m'gulu lino, ndabwera ndi mlandu wa sikelo ina. Aliyense amene akuwerenga pano amayezeredwa nayo tsiku ndi tsiku, koma muvi wake palibe anauonapo.

Mwezi wa Ogasiti, nandolo atayamba kutuluka, ndinapita ku Milange m'dziko la Mozambique kukafuna katundu. Kwa inu a ku Mzuzu kapena ku Kasungu mwina zikumveka ngati ulendo wa kunja ndithu, wa sutikesi ndi kutsazikana. Kwa ife ndi kungotsika ndi msewu wa kuseri kwa phiri la Mulanje mpaka pa Muloza, kuwoloka mtsinje, wafika. Ndinagona masiku awiri kwa azakhali anga. M'foni munali mayunitsi a K12,000 amene ndinaika dala kuti ndikabwerako ndigule bandulo ya mwezi, komanso munali mphindi zoimbira zimene zinatsala pa bandulo yakale. Kampani yake sinditchula. Amene mumayenda m'malire mukudziwa kuti nkhaniyi siisankha mtundu wa simu khadi.

Ndinaimba katatu. Kawiri kwa mchemwali wanga amene ndinamusiyira benchi, kamodzi kwa mnyamata wa njinga yamoto kuti adzandichingamire pa boda. Zonse zinali za changu, moni ndi mfundo basi. Kulandira ndinalandira kangapo. Mayi anga anaimba madzulo kundiuza kuti mwana watentha thupi, ndipo tinacheza kanthawi, poti munthu sungadule mayi ako pakamwa akukuuza za mwana wodwala. Mtima unali m'malo chifukwa ndinkadziwa, monga tonse tidziwira, kuti wolipira ndi woimba. M'mawa mwake ndikuti ndiimbe ndimve kuti mwana wagona bwanji, mawu a mayi wa m'makina aja akundiuza kuti ndilibe ndalama zokwanira. Kuyang'ana, mwatsala K40. Mphindi za bandulo zija zili chikhalire, osakhudzidwa ngakhale imodzi, koma zosagwira ntchito.

Tsiku limenelo ndinalitha ndi foni yakufa m'manja. Za mwana ndinazimva pobwereka foni ya mwana wa azakhali. Kasitomala wa ku Limbe amene tinapangana kuti ndimuuza mtengo ndisanagule anandidikira mpaka masana, kenako anagula kwa wina. Choncho musamve K12,000 yokha. Phindu la ulendo wonse linapita pamenepo.

Nditabwerera ndinayamba kufunsa, ndipo apa ndi pamene mkwiyo wanga weniweni unayambira. Ejenti wa pa msika anati, "Asisi, ine ndimangogulitsa, imbani ku kampani." Sindimuda, ananena zoona. Ku kampani ndinaimba katatu ndisanapeze munthu. Mtsikana amene anandiyankha anali waulemu ndithu. Anati, "Mayi, munali pa roaming." Ndinati chabwino, ndiye mphindi imodzi inali ndalama zingati? Anati zimatengera dziko ndi netiweki. Ndinati dziko ndakuuzani, netiweki inu mukuiona pa kompyuta yanuyo, tandiwerengereni foni iliyonse ndi mtengo wake ndilembe. Anati zimenezo sangandipatse pa foni, ndipite ku ofesi ndi chiphaso changa cha unzika. Ofesi yake ili kutauni. Thiransipoti yopita ndi kubwera ikuposa ndalama imene ndikulondolayo. Ndani angawotche K20,000 kuti akafunse za K12,000? Amene anakonza njira imeneyi anawerengera bwino kuti ambiri aife tidzangoti zapita zapita.

Ine sindinatero. Ndinadikira tsiku lokaoda katundu ku Limbe, ndinasiya zimene ndinapitira, ndinakaima pa mzere. Pa kauntala bambo wina anayang'ana pa kompyuta, anatembenuza nkhope yake kwa ine koma kompyutayo ayi, n'kunena kuti zonse zili bwino, makina sanalakwitse. Ndinapempha pepala. Anati ndilembe kalata yopempha. Ndinalemba pomwepo pa pepala la m'kope langa la ngongole. Mpaka lero ndikudikira.

Mvetsetsani mlandu wanga, chifukwa ndikudziwa kuti ena muthamangira kundiphunzitsa zimene ndikuzidziwa kale. Sindikunena kuti kuimba uli kunja kukhale kwaulere. Ndine wa bizinesi, ndikudziwa kuti chilichonse chili ndi mtengo. Ndinafufuza mmene zimayendera. Ukawoloka malire, foni yako imasiya nsanja za kampani yako n'kugwira za kampani ya dziko linalo, kaya Movitel, kaya Vodacom, kaya Tmcel. Kampani ya kumeneko imakunyamula ngati mlendo, kenako imatumiza bilu kwa kampani yako malinga ndi pangano la awiriwo, ndipo kampani yako imaikapo yakeyake isanakudule. Munthu akakuimbira kuchokera kumudzi, iye amalipira mtengo wa masiku onse poti waimba nambala ya +265, ndipo ulendo wotsala wa foniyo, kuchoka ku Malawi kukakupeza kumene uliko, umagwera iwe wolandira. Mabandulo ambiri amagwira ntchito m'dziko muno mokha, ndiye makina amalumpha bandulo n'kukadya mayunitsi. Ndipo popeza makampani a maiko awiri salipirana m'makwacha, kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlendo wa masiku awiri ngati ine ndi amene amamva kuwawa.

Zonsezi ndazimva ndipo sindikutsutsa. Funso langa ndi lakuti, bwanji ndazidziwa ndalama zitapita kale? Pamene foni yanga inagwira netiweki ya ku Mozambique, kampani yanga inadziwa nthawi yomweyo, chifukwa popanda iyo kuvomereza foniyo sikanalira n'komwe. Inadziwa kuti ndine ndani, poti mu 2018 tonse tinaima pa mizere kulembetsa manambala athu ndi ziphaso za unzika. Inadziwa kuti ndili ndi K12,000. Inadziwa mtengo wa mphindi imodzi. Munthu mmodzi yekha amene sankadziwa kanthu pa malonda amenewa ndi ine wolipira. Uthenga umene ndinalandira unali wa m'Chingerezi, wondilandira ku Mozambique ndi kundifunira ulendo wabwino. Mtengo munalibe. Zakuti kulandira foni n'kolipira munalibe.

Ndiye wina andiuze kuti Chichewa n'chovuta kulemba pa uthenga wa foni. Aaa, abale. Pakakhala mpikisano wopata galimoto, uthenga umabwera m'Chichewa chomveka bwino, kawiri pa tsiku. Pakakhala nyimbo yoti anthu azimva akamakuimbira, Chichewa chilipo. Ukatenga ngongole ya mayunitsi, chikumbutso chimakupeza ngakhale uli ku maliro. Chichewa chimasowa pokhapokha pamene uthengawo ungakuletse kuwononga ndalama. Ine pamenepo sindionapo kuiwala. Ndikuonapo sikelo yotembenuzidwa.

Nditadandaula koyamba pa tsamba langa, mnyamata wina wophunzira bwino anandiyankha kuti mitengo yonse ili pa webusaiti, ndipo pogula simu khadi ndinavomereza malamulo ake. Achimwene, tiyeni tinene zoona. Inuyo munawawerenga malamulowo? Simu khadi yanga ndinagula pansi pa ambulera, kwa mnyamata amene anandijambula chiphaso n'kundipatsa kakhadi. Panalibe pepala lina lililonse. Ndipo kuti nditsegule webusaitiyo ndili ku Milange ndiye kuti ndiyatse data, imene pa roaming imadya kuposa kuimba komwe. Ndilipire kuti ndidziwe kuti ndilipira zingati? Tayesani kuchita zimenezo pa msika. Wogula afunse mtengo wa thumba la chimanga, inu muti nyamulani kaye, mtengo unalembedwa m'kope limene lili kunyumba kwanga ku Blantyre, m'chilankhulo chimene agogo anu sachimva. Tsiku lomwelo akomiti ya msika akuchotsani pa benchi.

Wina anati nzeru n'kugula simu khadi ya ku Mozambique, nkhani yatha. Inde, ambiri kuno ali nazo, foni za malaini awiri zinatipulumutsa. Koma taganizani. Makasitomala anga onse amadziwa nambala yanga ya ku Malawi. Ndalama amanditumizira pa nambala yomweyo. Mayi anga nambala imene analoweza pamtima ndi yomweyo, ndipo akati aimbe ya +258 ndiye kuti mtengo wa kunja wagwera iwo, munthu wokalamba wodalira mayunitsi a K500. Vuto silinathe, langosamukira kwa wosauka kuposa ine. Komanso yankho lotere likufanana ndi kuuza munthu amene waberedwa pa sikelo kuti mawa adzabwere ndi sikelo yake. N'zothandiza, koma wakuba uja mwamusiya ali pomwepo akudikira wina.

Palinso china chimene a kutauni sachidziwa. Kuno sufunika kuwoloka kuti ukhale "kunja". Mafunde a netiweki sadziwa pamene pali mwala wa malire. Ukapita kukagula mbewu m'midzi ya m'mphepete, kumene nsanja ya kwathu ili kutali kapena yabisika ndi phiri, foni imene inasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki imangogwira yamphamvu, ndipo nthawi zina yamphamvuyo ndi ya tsidya lina. Ndaona ndi maso anga dzina la kampani ya ku Mozambique pa foni yanga miyendo yanga ili pa dothi la Phalombe. Munthu ali m'munda mwake, m'dziko lake, sanadinditse chiphaso chilichonse, koma makina akumuwerengera ngati mlendo. Amene amadziwa amalowa m'masetingi n'kusankha netiweki pamanja. Nanga agogo a foni ya mabatani, amene anawaikira zonse ndi mdzukulu wawo? Iwo amangoti masiku ano mayunitsi sakukhalitsa.

Malire amenewa anajambulidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo sanafunse aliyense wa kuno. Ife Alhomwe makolo athu anachokera tsidya lomwelo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1980, abale athu anathawira kuno, tinadya nawo mbale imodzi. Namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri mu Malichi 2023, madzi sanaime pa boda kuti aonetse chiphaso, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ankasakana pa foni kuti adziwe amene wapulumuka. Maliro timayendera limodzi, maukwati timamanga limodzi, chimanga chimene chimatipulumutsa chaka cha njala chimalowa pa njinga kuchokera komweko. Mitengo ya roaming inapangidwa poganizira bwana wokwera ndege amene bilu yake imalipidwa ndi ofesi. Koma amene amawoloka malire a dziko lino kawirikawiri si bwanayo ayi. Ndi mayi wa dengu pamutu, wa ku Muloza, ku Nayuchi, ku Chiponde, ku Dedza, ku Mwanza, ku Marka. Kupatula kumpoto ndi mbali ya Zambia, dziko lathu lazunguliridwa ndi Mozambique.

Tsono asatiuze kuti n'zosatheka, chifukwa ena anachita kale. Maiko a mu European Union anathetsa ndalama zoonjezera za roaming pa 15 Juni 2017, munthu wa ku Portugal akapita ku Germany amaimba pa mtengo wa kwawo. Chisanafike chaka chimenecho anali atalamula kale kuti munthu akangowoloka alandire uthenga waulere wonena mitengo, ndiponso kuti data ikafika pa mayuro 50 idulidwe mpaka mwiniwake avomereze kupitiriza. Mukati amenewo ndi olemera, nanga Kenya, Uganda ndi Rwanda? Iwo anayamba mu 2014 dongosolo lakuti maiko awo akhale ngati dera limodzi la netiweki, kulandira foni uli mwa mnzako kukhala kwaulere. Ngakhale kuno, amene muli ndi zaka ngati zanga mukukumbuka Celtel. Mu 2006 inachotsa roaming pakati pa Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo chaka chotsatira Malawi analowa nawo. Makina a nthawi imeneyo anakwanitsa. A lero alephera bwanji?

Ku SADC nkhani yotsitsa mitengo ya roaming yakambidwa zaka zambirimbiri. Mu 2023 tinamva kuti Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana agwirizana zoyamba kupeputsa mitengoyi pakati pawo. N'zabwino, a ku Mchinji apumeko. Koma tawerenganinso maina anayiwo. Mozambique munalibe. Botswana, kumene ambiri a kuno sitidzapondako mpaka kufa, analimo. Dziko limene ndimaliona ndikaima kuseri kwa nyumba yanga munalibe. Amene amakhala pa misonkhano imeneyi ayenera kuti amayang'ana mapu a ndege. Akanayang'ana mapu a njinga za kabaza akanayambira pa Muloza.

Malamulo tili nawo, si kuti tikupempha chifundo. Lamulo loteteza ogula la 2003 limati wogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona, zokwanira ndiponso pa nthawi yake za katundu ndi mtengo wake. Mawu akuti pa nthawi yake ndi amene ndikuwagwira. Mtengo wouzidwa ndalama zitatha si uthenga, ndi chipepeso. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linapatsa MACRA udindo woteteza ife ogwiritsa ntchito mafoni, ndipo kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission loyang'anira malonda achinyengo. Kwa mabungwe amenewa pempho langa ndi laling'ono kwambiri moti ndikuchita nalo manyazi. Foni ikangogwira netiweki yakunja, ubwere uthenga waulere, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, wonena manambala: kuimba mphindi imodzi ndi zakuti, kulandira ndi zakuti, bandulo yanu kuno sigwira. Munthu asadulidwe kalikonse asanayankhe kuti inde. Ndipo amene wadulidwa akafuna kuona mndandanda wa mafoni ake, aupeze pa foni pomwepo podina manambala, monga timaonera ndalama zimene tatumiza ndi kulandira. Ngati makina amatha kundionetsa K2,000 imene ndinatumizira mchemwali wanga Lachiwiri, alephera bwanji kundionetsa mphindi zimene anandigulitsa Lachitatu?

Za amene foni yawagwirira netiweki yakunja ali m'dziko lawo, pamenepo palibe zokambirana. Abwezeredwe. Makampani amadziwa nsanja iliyonse imene foni yagwira ndi pamene nsanjayo yaima. Akhoza kudziwa kuti midzi yakutiyakuti ili m'malire ndipo anthu ake amagwidwa mwangozi. Ngati sakufuna kubweza, amange nsanja zokwanira kuti foni ya munthu wa ku Phalombe isamasowe kwawo.

Ndikudziwa kuti m'gulu lino muli ena ogwira ntchito m'makampani amenewa, ndipo mwina mukuti mayi wa nandoloyu akukuza nkhani ya K12,000. Kwa inu ndi chakudya cha masana. Kwa ine ndi phindu la matumba angapo, nditawanyamula, kuwapeta, kuwayeza ndi kulipira chiphaso cha msika. Ndipo sindili ndekha. Tsiku la msika ndinafunsa amayi anzanga a pa mzere wathu amene amapita tsidya lina. Aliyense anali ndi nkhani yake, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anakadandaula. Wina anati ankaganiza kuti ana ndi amene amamubera mayunitsi, mpaka anamenya mwana wake wamkazi. Mwana anamenyedwa chifukwa cha mtengo umene kampani sinanene. Ambiri tsopano akangofika pa mlatho amazimitsa foni, n'kukhala masiku awiri osadziwa za kunyumba. Kampani imene ikanadya pang'onopang'ono kwa anthu ambiri yasankha kudya kwambiri kamodzi, kenako anthu n'kuiopa. Ngakhale pa nzeru za bizinesi, imeneyo ndi mbola.

Ndipo ife ogula tili ndi mbali yathu, ndisaname. Timakonda kudandaulira pa benchi, osati pa pepala. Timati ndani angalimbane ndi kampani. Kampaniyo imawerenga madandaulo olembedwa okha, ndipo ikaona kuti palibe, imauza oyang'anira kuti makasitomala ndi okhutira. Inu olemba ndakatulo ndi nthano m'gulu lino, amene Chingerezi ndi Chichewa zonse zimakumverani, tathandizani azakhali anu kulemba kalata imodzi. Lembani tsiku, nthawi, ndalama zimene zinalimo ndi zimene zinatsala. Jambulani uthenga uliwonse musanaufufute. Mukaimba ku kampani pemphani nambala ya dandaulo lanu, muilembe. Akapanda kukuyankhani, kalata yomweyo ipite ku MACRA, ina ku Consumers Association of Malawi.

Ine kope langa la ngongole tsopano lili ndi tsamba latsopano kumapeto. Lachinayi likubwerali ndikupitanso ku Milange. Ndisanawoloke mlatho ndidzayang'ana mayunitsi n'kulemba, ndikalandira foni ndidzayang'ana wotchi n'kulemba, ndikamaliza ndidzayang'ananso. Amayi anayi a pa mzere wathu avomera kuchita chimodzimodzi, aliyense ndi kampani yake. Kalata yanga ya ku Limbe ija yakwanitsa masabata 7 osayankhidwa, ndipo yachiwiri ndalemba kale, ikudikira masamba amenewa kuti ndiphatikize.